Geti Lokana Mkamwini

Sonkhezerani motowo, ndipo amene wakhala kumbuyoyo asendere kuno. Nkhani iyi sifuna munthu wokhala yekha kumdima.

Zakeyu Kamtedza anali mkamwini. Anachoka kwawo ku Ntchisi ndevu zisanalimbe, nadzakwatira Nankhoma m'mudzi wina wa kuseri kwa Mitundu. Anazula zitsa m'munda wa mkazi wake, anakumba chitsime, anaumba njerwa ndi manja ake mpaka nyumba ya malata inaima, n'kuizunguliza ndi mpanda wa njerwa zomwezo. Koma chikamwini mukuchidziwa. Ungaumbe njerwa zofika kumitambo, dothi lake ndi la eni.

Nankhoma atamwalira, misozi isanaume n'komwe, mlongo wake Sitifano, amene anali mwini mbumba, anayamba kubwera pakhomopo pafupipafupi. Sankabwera kudzapepesa ayi. Ankayenda manja kumbuyo, akuyeza zipupa ndi maso.

"Alamu," anatero tsiku lina, "mlendo ndi mame. Tikakolola tikhala pansi tikusudzuleni, mukaone abale anu. M'nyumbamu alowe Velonika, mwana wa mng'ono wa malemu. Akugona modontha."

"Abale ati? Amene ndinawasiya ku Ntchisi onse ali kumanda."

"Ndiye mukalambule mandawo. Nawonso amafuna munthu."

Zakeyu anali ndi mwana mmodzi, Elube, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, kukampani ina yopanga makina ophunzira okha. Elube anachonderera atsibweni akewo kuti bambo ake akhale, aziyang'anira pakhomo, poti akuba mbuzi anali atachuluka. Sitifano anangoti tiona. Ndiye taonani nzeru za ana a sukulu. Mwana yemweyo, mwezi usanathe, anafika pa galimoto ndi geti lachitsulo, galasi la sola, ndi kadiso kakuda kokhoma pamwamba pa chipilala, koona kunjira ndi m'kati mwa mpanda momwe. Kukampani kwawo ankafuna khomo la kumudzi loyeserapo, iye n'kupereka la bambo ake. Sanaone kuti akubweretsa mlonda wina, pamene ulondawo ndi umene unkawasunga bambo ake pamalopo.

"Kiyi wake ali kuti?" anafunsa Zakeyu amisiri atamaliza.

"Lilibe kiyi, abambo. Limaphunzira lokha ngati mwana. Mwana simumuuza kuti mbuzi ndi chiyani. Amaona yoyera, yakuda, yanyanga, yopanda nyanga, tsiku lina amangoloza n'kuti mbuzi, ngakhale imene sanaionepo. Ili nalo liziona olowa ndi otuluka, lizisanja lokha. Likadziwa kuti uyu ndi wapakhomo, lizimutsegulira. Mlendo lizimuimitsa n'kundiimbira foni ine."

"Upakhomo umaoneka ndi maso? Uli ndi nyanga?"

Elube anaseka. "N'zimene tikufuna tione. Ngati lingagwire chinthu chimene chilibe thupi."

Masabata oyamba getilo linkatsegulira aliyense, ngakhale wogulitsa usipa. Elube anati likuphunzira. Kenako linayamba kusankha. Mbuzi zikamachokera kubusa, linkatseguka zisanafike. Galu wa pakhomopo, Mwandida, linkamutsegulira ngati bwana wa boma. Sitifano linkamutsegulira. Velonika, amene ankangobwera kudzatunga madzi pachitsime, linkamutsegulira. Onsewa linkawatsegulira mwakachetechete, popanda mawu.

Tsiku lina Zakeyu akuchokera kudimba, khasu paphewa, anaima pageti, anatsokomola monga mwa chizolowezi chake, n'kunena odi chapansipansi. Pachipilala panatuluka mawu a kamtsikana, aulemu ngati a namwino.

"Dikirani pang'ono, alendo. Tikuwadziwitsa eni ake."

Zakeyu anacheuka, kuyesa kumbuyo kuli munthu. Kunalibe. Anakankha getilo, silinasunthe. Anaima pamenepo mpaka Elube anaona foni yake ku Lilongwe n'kumutsegulira. Mawa lake zinali zomwezo. Mkucha zomwezo. Tsiku lina Elube anali pamsonkhano, foni atazimitsa, ndipo Zakeyu anakhala pamwala kunja kwa mpanda wake dzuwa likumuwamba, mpaka mbuzi zinabwera. Analowa kumbuyo kwa tonde. Kuyambira pamenepo, munthu wa imvi amene anakumba maziko a nyumbayo anaphunzira kudikira mbuzi kuti alowe kwake.

"Elube," anatero pa foni, "chinthu chakochi chikunditcha mlendo pa njerwa zanga."

"Pepani abambo. Ndachiuza kangapo kuti ndinu eni. Chimamva, chimakutsegulirani, koma chikaonanso mmene mumachitira chimabwerera ku maganizo ake."

"Chili ndi maganizo?"

"Chinadzipangira chokha chimene chimati upakhomo. Ife sitinachiuze. Ku ofesi akusangalala kwambiri."

"Akusangalala."

"Mungosintha kabweredwe, abambo. Muzifika ngati mwini."

"Ndizifika bwanji, choyenda ndi mutu?"

Nkhani yotere sichedwa m'mudzi. Tsiku lina kukugwa mvula yowaza, Sitifano anamupeza mlamu wake ataima pageti, thumba la feteleza atafunda kumutu. Kumbuyo kwake kunali amayi awiri ndi ndowa zawo.

"Mwaswera bwanji, alendo?" anatero Sitifano. Getilo linatseguka lokha. "Lowani, ndakulolani."

"Njerwa izi ndinkaumba inu mukugona m'ngalande ku Mitundu ndi kachasu."

"Njerwa sizilankhula, alamu, koma ili likulankhula. Ndipo ili silinamwe mowa wa munthu, lilibe mbale, silidana ndi wina. Langoona. Tichite chonchi. Tsiku lokhala pansi lija mudzabwere nokha, popanda mbuzi yokutsogolerani, Elube foni ataika pansi. Likadzakutsegulirani, khalani mpaka imfa. Likadzakana, mudzanyamule nkhwangwa yanu ndi bulangete."

Munthu wanzeru akanameza malovu n'kukhala chete. Koma amayi aja ankaseka m'zitenje, ndipo madzi ankamutsikira Zakeyu m'khosi.

"Ndavomera," anatero.

Anayamba kuyeserera. Anasiya kutsokomola. Anasiya odi. Ankabwera chifuwa patsogolo akuimba mluzu, getilo n'kuti dikirani pang'ono. Anavala jekete la kutchalitchi, anayenda manja kumbuyo ngati Sitifano, getilo n'kuti dikirani pang'ono. Analitukwana, anatukwana amene analipanga ndi makolo awo, ilo n'kumuyankha ndi ulemu womwewo. Palibe chowawa ngati kunyozedwa ndi chinthu chimene sungachimenye mbama. Chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda, ndipo Zakeyu akadutsa m'munda wa mkazi wake ankamva masamba akulira ngati anthu onong'onezana.

Ndi m'masiku omwewo pamene anayamba kuona zina.

Madzulo ena anali m'kati, atakhala pakhonde akusoka thumba. Dzuwa linali litalowa, nkhuku zikukwera m'khola. Getilo linatseguka. Zakeyu anadzutsa mutu kuti aone wabwera ndani. Panjira panalibe munthu, panalibe mbuzi. Getilo linakhala chotsegula nthawi yaitali, kuposa mmene linkachitira ndi Sitifano, ngati likudikira munthu woyenda movutika. Kenako linatsekeka pang'onopang'ono. Silinanene kanthu.

Zakeyu anati ndi mphepo. Koma geti lachitsulo lokana munthu wamphamvu silingagonjere mphepo imene sikugwedeza ngakhale tsamba la mango. Mawa lake, nthawi yomweyo, linatsegukanso. Mwandida anali atagona pakati pa bwalo. Anadzuka, anasuntha pambali, akugwedeza mchira chapansi, maso akutsatira chinthu chimene chinkadutsa pang'onopang'ono kulowera kumtengo wa mango. Galu wamkota sakandira pachabe.

Lichero linasowa m'khitchini. Zakeyu anakalipira Velonika kuti akutenga zinthu maliro a mayi ake aakulu asanazizire. Velonika analumbira kuti sanaligwire. Linapezeka pansi pa mango, litavundikiridwa bwinobwino, kamwala kali pamwamba kuti lisauluke. Tsiku lina mbandakucha anamva kupeta, tche, tche, tche, mwaulesi, ngati wopetayo manja atopa. Atatsegula chitseko kunali zii, koma mumpweya munali fungo la fodya wa m'mphuno. Ndipo panalinso kamvekedwe kena, kamene anakamva kawiri katatu asanavomere kuti akukamva: ndodo ikugunda dothi louma. Go. Kenako kachete. Go.

Kamvekedweko ankakadziwa. Pansi pa mango pamenepo ndi pamene panali kanyumba ka apongozi ake, a Nambewe, mayi wa Nankhoma ndi Sitifano. Anamwalira kalekale, Elube ali kamwana kosavala. Anali amayi aafupi, oyenda ndi ndodo, okonda fodya wawo, ndipo tsiku lililonse ankachokera kudimba dzuwa litalowa. Zaka zonse zimene anakhala nawo mumpanda umodzi, Zakeyu sanawayang'anepo kumaso. Mwambo wake unali womwewo. Mkamwini sadya ndi apongozi, salankhula nawo maso ndi maso, sakumana nawo panjira. Akawaona akubwera amapatukira kutchire, chipewa m'manja, mpaka adutse. Akamalowa pakhomo amatsokomola kuti ngati ali pabwalo adziwe. Mawu ankadutsira mwa Nankhoma. Ngati mukuti zinali zophweka, simunakhalepo pachikamwini.

Zakeyu sanauze munthu. Anauza mtima wake kuti ukalamba uli ndi makutu akeake.

Ndiye madzulo ena akuchokera kudimba anakumana ndi munthu wachilendo, wokankha njinga ya makala. Anali wotopa, milomo yoyera, ndipo anapempha madzi. Zakeyu anati tiyeni, chitsime chili m'kati, tingodikira mwana wanga atitsegulire. Anayenda limodzi akucheza za mtengo wa makala. Atatsala pang'ono kufika pageti, wamakalayo analeka kulankhula, anaimitsa njinga, naipendekera m'mbali mwa njira.

"Ulemu wotere unatha, madala," anatero patapita kanthawi. "Amenewa ndi apongozi?"

"Ati?"

"Amene mwawapatukirawa."

Zakeyu anayang'ana pansi. Mapazi ake anali mu udzu, kunja kwa njira. Chipewa chinali m'manja. Sanakumbuke kuti wachivula liti. Patsogolo pawo getilo linali likutsekeka.

"Mwaona chiyani?" anafunsa.

Wamakalayo anayang'ana getilo, anayang'ana Zakeyu, nkhope yake n'kusintha. 

"Palibe, madala. Kwada."

Anakankha njinga yake n'kumapita, madzi aja osamwa. Zakeyu anamuitana, koma munthuyo sanacheuke.

Usiku umenewo anaimbira Elube n'kumuuza kuti abwere adzaone chinthu chake, chikutsegulira mphepo. Elube anabwera Loweruka, ndi kachikwama koti agone. Anakhala pakhonde awiriwiri, Elube n'kutsegula pa foni yake zithunzi zoyenda zimene kadiso kaja kankasunga.

"Taonani. Chilichonse chimene lachizindikira limachiika m'kabokosi. Kobiriwira ndi wapakhomo, kachikasu ndi mlendo. Uyu ndi Mwandida. Awa ndi atsibweni. Awa ndinu."

Zakeyu anadziona akubwera panjira, wamng'ono ngati nyerere, kabokosi kachikasu katamuzinga. Kenako kumbuyo kwake kunatulukira kabokosi kena, kobiriwira, kakafupi. M'kati mwake munalibe kanthu. Munkaoneka njira, udzu, ndi mwala. Kankayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyendanso. Ndipo anadziona yekha, osacheuka n'komwe, akutuluka m'njira, akuvula chipewa, akuweramitsa mutu mpaka kabokosiko kadutse. Elube anatsegula za tsiku lina. Zomwezo. Za tsiku linanso. Zomwezo.

"Ndamvetsa tsopano," anatero Elube, mawu ake akuthamanga ngati wapeza ndalama panjira. "Silinayang'ane nkhope, abambo. Silinayang'ane amene amagona muno. Linaona kuti pali ena amene anzawo amawapatsa njira, ndi ena amene amapereka njira. Wopatsidwa njira ndiye linamutcha wapakhomo. Inu mumapatukira aliyense. Atsibweni mumawapatukira, Velonika ndi ndowa yake mumamupatukira, mbuzi zomwe mumazisiyira njira. Ndiye linakuonani mukupatukira malo opanda munthu madzulo aliwonse, linati pamenepa payenera kuti pali mwini wamkulu kuposa onse. Mwaliphunzitsa ndinu. Palibe chilipo."

"Nanga galu anamuphunzitsa ndani?"

"Galu amatsatira geti likatseguka."

"Tsegula za Lachitatu lapitali."

"Lachitatu kunali chiyani?"

"Ndinagona kumaliro kwa Chadza. Kunalibe wopatuka."

Elube anafufuza, anapeza, anadina. Njira inali yopanda munthu. Dzuwa litalowa, kabokosi kobiriwira kanatulukira pokhota njira. Kanayenda, kanaima pamwala, kanayendanso. Getilo linatseguka.

"Linazolowera nthawi yake," anatero Elube, koma mawu anali atachepa.

Kabokosiko kanalowa m'bwalo. Sikanalunjike kumango. Kanakhota, kanazungulira malo opanda kanthu pakati pa bwalo, ngati kakulambalala chinthu chachikulu chozungulira, kenako n'kupita pansi pa mtengo.

"Kakuzungulira chiyani pamenepo?" anafunsa Elube.

"Panali nkhokwe. Ndinaigwetsa iwe usanayambe sukulu."

Elube anazimitsa foni. Anayang'ana pabwalo, pamene nkhuku zinkapalasa ngati palibe nkhani. Kenako anati wakumbukira kuti mawa m'mawa ali ndi ntchito, sangagone. Ananyamula kachikwama kake dzuwa likadali pamutu pa mitengo.

"Ndilichotse, abambo. Nditumiza amisiri."

"Kuti atsibweni ako ati ndathawa mlandu? Lisiye."

Sikuti anali wolimba mtima. Koma pamene ankaonera zithunzi zija, m'mutu mwake munalowa kanthu. Iye anali atalowapo kale kumbuyo kwa tonde. Sitifano anati popanda mbuzi. Sanatchule china.

Anthu anakolola, chimanga chinalowa m'matumba, tsiku lija linafika. Abale a Nankhoma anasonkhana m'kati mwa mpanda kuyambira m'mawa, amayi pamphasa, amuna pamipando. Elube anabwera, ndipo Sitifano anamulanda foni n'kuiika pansi patsogolo pake kuti onse aione. Zakeyu anali atalawirira kudimba. Anamutumira uthenga masana, anati akubwera. Anamutumiranso, anati akumaliza kuthirira. Anthu anayamba kudandaula njala. Sitifano anati mlamu wachita manyazi, mwina ali kale panjira ya ku Ntchisi.

Zakeyu anali atakhala m'mphepete mwa njira, kuseri kwa chulu, akudikira dzuwa. Litalowa, anaimirira pakati penipeni pa njira, nkhope kugeti, msana kudimba. Nkhuku za oyandikana nawo zinali zitakhala chete. Udzudzu unkamulira m'khutu, koma sanauthamangitse.

Go.

Miyendo yake inafuna kupatuka yokha. Anaimva ikukokera kumanzere ngati ng'ombe yodziwa khola. Dzanja linanyamuka kupita kuchipewa. Analikanikiza pamutu pomwepo, chipewa chisachoke, n'kuluma mano.

Go.

Anayamba kuyenda. Sakanathamanga, chifukwa akanafika pageti yekha, ndipo likanamuuza kuti adikire pamaso pa anthu onse. Anayenera kuyenda mayendedwe a amene anali kumbuyoyo. Phazi limodzi, n'kuima. Ndodo igunde. Phazi lina. Fungo la fodya linamuzinga. Pamsana pake, pakati pa mapewa, ankamva mpweya wa munthu wamfupi wopuma movutika. Atafika pamwala paja, ndodo inaleka, nayenso anaima, thukuta likumutsikira m'maso. Anthu m'kati ankamuona kudzera m'zitsulo za geti, ndipo wina anaseka kuti mkamwini akuyenda ngati mkwatibwi. Ndodo itayambanso, china chake chinamukhudza kachidendene, mopepuka, mmene mayi amasunthira nkhuku yogona pakhomo. Sanapatuke. Chinamukhudzanso, mwamphamvu pang'ono. Zakeyu anaganiza za njerwa zake, za Ntchisi kumene kunalibe ngakhale mtengo womudziwa, ndipo anakhala m'njira.

Getilo linatseguka, osanena kanthu.

Zakeyu analowa. Anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kutembenukira anthu. Palibe anaomba m'manja. Woseka uja anali ataleka. Mwandida anali atakwawira pansi pa ngolo, akulira chapansipansi. Sitifano anali chiimire, chipewa chake chili m'manja, ndipo sankayang'ana Zakeyu. Ankayang'ana kumbuyo kwake, chapansi pang'ono. Getilo linadikira nthawi yake, kenako linatsekeka.

"Latseguka," anatero Zakeyu. "Mwaona nonse. Mbuzi palibe. Foni ili apo."

"Taona," anatero Sitifano.

"Ndiye nenani."

"Khalani, alamu. Mawu ndi mawu." Anatsitsa mawu. "Koma mwayenda patsogolo pa amayi."

"Amayi ati? Si inu munkati geti silinama?"

Sitifano anatola foni n'kumupatsa Elube, nayamba kutuluka chotsamira mpanda, kutali ndi pakati pa bwalo. Amayi anapinda mphasa mwachangu n'kumutsatira, osatsanzika. Zakeyu anawayang'ana akupita, mtima ukumuwawa kuposa kale. Zaka zonsezi anadikira tsiku loti apambane pamaso pa anthu amenewa, ndipo atapambana ankamuyang'ana ngati wanyera pachitsime.

"Abambo, tiyeni mukagone kwa atsibweni lero lokha," anatero Elube atamugwira mkono.

"Ndikagone kwa Sitifano tsiku limene ndapambana nyumba? Pita wekha."

Elube anapita akucheukacheuka.

Zakeyu analowa m'nyumba, anatseka chitseko, anaika mpiringidzo. Anayatsa nyali n'kukhala pabedi nsapato osavula. Anatchera khutu kuti amve ndodo ikupita kumango monga masiku onse. Anamva ikuzungulira pamene panali nkhokwe. Kenako inaima. Inaima nthawi yaitali.

Ali chikhalire choncho, m'pamene anakumbukira chimene anaiwala pokonza nzeru zake. Kuthawana ndi kwa anthu awiri. Iye ankapatukira a Nambewe panjira, koma nawonso ankamuthawa iye. Zaka zonse zija sanapondepo pakhonde pake, sanasuzumirepo m'nyumba imene mkamwini wawo ankagona. Akafuna mchere ankaima patali n'kuitana Nankhoma. Ngakhale atamwalira, madzulo onse amene geti linkawatsegulira, ankalunjika kumalo kwawo, nyumba yake n'kuisiya. Iye ankauona mwambowo ngati goli la pakhosi pake yekha. Sanadziwe kuti unalinso chitseko chake.

Foni inalira m'thumba. Anali Elube, akunong'ona.

"Abambo, kabokosi kanu kasintha. Pamene mumalowa m'nyumba kanali katabiriwira."

"Si zimene timafuna?"

"Inde. Koma kena kaja sikali pansi pa mango."

"Kali kuti?"

Zakeyu anamva yankho ndi makutu ake. Ndodo inagunda pa simenti ya khonde. Pa dothi ankaidziwa, koma pa simenti anali asanaimvepo chibadwire. Inalira mouma, ngati fupa.

"Abambo? Muli pomwepo?"

Lawi la nyali linapendekera mbali imodzi, ngakhale mawindo anali otseka. Fungo la fodya linalowa pansi pa chitseko. Zakeyu anadikira odi, kapena kutsokomola, kanthu kalikonse kamene munthu amachita pakhomo pa mnzake. Sipanamveke kanthu. Anangoona mpiringidzo ukusuntha pang'onopang'ono, ngati ukukankhidwa ndi dzanja lotopa.

Zimene zinachitika m'nyumbamo sanauze munthu, ndipo amene anayesa kumufunsa anatukwanidwa. Chodziwika n'chakuti m'mawa Velonika atabwera kudzatunga madzi, anamupeza m'kakhitchini ka udzu kuseri kwa khola, atadzipinda pafupi ndi mafuwa, nsapato zili kumapazi. Chitseko cha nyumba yaikulu chinali chotsegula, ndipo pakhonde panali posesa bwino.

Sanasudzulidwe. Sitifano anasunga mawu ake, ndipo analeka n'kubwera komwe. Geti linayamba kumutsegulira Zakeyu akadali patali, tsiku lililonse, mvula kapena dzuwa. Koma m'nyumba ya malata ija sanagonemonso. Anatulutsa bulangete lake masana dzuwa lili pamutu, mothamanga, n'kukhazikika m'khitchini muja, momwe utsi wa zaka unadetsa denga ndipo mbuzi zimamutsokomolera kuseri kwa chipupa. Pambuyo pake iye mwini anamuuza Velonika kuti ngati akuifunabe nyumbayo alowemo. Velonika anati kwake kudontha pang'ono pokha, azitchera ndowa.

Mvula yotsatira isanayambe, Elube anabwera ndi amisiri aja. Anati kukampani amaliza kuyesa, aphunzira zambiri, ndipo akufuna kadiso kawo akakaike kwina. Anamupeza bambo ake atakhala pakhomo pa khitchini akukonza msampha wa mbewa, ataonda, maso ali ofiira.

"Tikuikirani loko wamba, abambo. Wa kiyi, monga munkafunira."

Zakeyu anayang'ana nyumba imene anaumba, anayang'ana pachipilala.

"Usalichotse."

"Si inu munkalitukwana?"

"Ndikulitukwanabe. Koma m'mudzi monse muno ndi lokhali limene limawaona. Kale ndinkadziwa njira yawo, tsopano amayenda paliponse." Anabweza maso pa msampha wake. "Uwauze mabwana akowo alisiye. Ndipo dzuwa likamalowa uzindiimbira, uzindiuza mbali imene ali, ndidziwe kopatukira."

Amisiri anabwerera ndi zitsulo zawo. Elube amaimbadi madzulo aliwonse, netiweki ikalola.